Munthu wa ku America, wa mu Africa, wa ku Botswana: ziyankhulo zimawatchula bwanji?

Nachisale

Moni nonse. Funso langa likupita kwa inu amene mumagwira ntchito yomasulira ndi yolemba nkhani. Pa Chichewa timati Mmalawi, Amalawi, ndipo palibe amene amadodoma. Timatinso Mjeremani, Mpwitikizi, Mfalansa. Koma tikafika pa munthu wa ku Angola, wa ku America kapena wa mu Africa muno, lilime limalemera. Mwangola sizimveka, Aamerica sizilembeka bwino, ndiye timangoti “anthu a ku Angola”. Kodi pali lamulo lake, kapena ndi chizolowezi chabe?

Chachiwiri ndi tanthauzo. Mawu a Chingerezi akuti American amanena za munthu wa ku United States, chonsecho Brazil, Canada ndi Peru nawonso ali ku America. Kodi ziyankhulo zina zimatero? Nanga Asian, pomasulira tiziti Mmwenye, tiziti Mtchaina, kapena onse awiri ndi olakwika? Ndikufuna njira imene womasulira angatsate akakumana ndi dzina la anthu a dziko kapena a kontinenti, komanso malo amene ambiri amaphonya.

Mbewe

Zikomo a Nachisale. Ndiyankha loyambalo, lachiwiri ndiwasiyira ena.

Ziyankhulo za Chibantu zimagwira tsinde limodzi n'kumasintha mphatikiri wa kumayambiriro. Mphatikiriyo ndiye amatiuza ngati tikunena munthu mmodzi, anthu ambiri, chiyankhulo kapena dziko. Tsinde la -tswana limabala Motswana, munthu mmodzi, Batswana, anthu ambiri, Setswana, chiyankhulo, Botswana, dziko. La -sotho limabala Mosotho, Basotho, Sesotho ndi Lesotho. Ku Burundi amati Umurundi, Abarundi, Ikirundi, Uburundi. Ku Eswatini, dziko limene linasiya dzina la Swaziland mu 2018, amati liSwati, emaSwati, siSwati. Ifenso tili nazo: Mchewa, Achewa, Chichewa. Ngakhale u- wa dziko tili naye, paja timati ku Ungoni, ku Utonga, kungoti sitinamugwiritse ntchito pa mayiko akunja. Chiswahili ndiye chinamugwiritsa: Uingereza, Ufaransa, Ujerumani, Ureno.

Kuphonya koyamba kumachokera pomwepa. Munthu akalemba Mbotswana kapena Maburundi, wasanjikiza mphatikiri pamwamba pa mnzake, chifukwa bo- ndi bu- anena kale kuti “dziko la”. Njira zolondola ndi ziwiri. Mutha kuchotsa mphatikiri wa dzikoyo n'kuika wathu, Mtswana, Atswana, Mrundi, Arundi. Apo ayi, lisiyeni dzina la dziko lathunthu muti “wa ku Botswana”.

Komatu kuchotsako kumafunika kusamala. Pa Uganda mukachotsa u- mutsala ndi Mganda, pomwe Muganda ndi munthu wa ufumu wa Buganda, wolankhula Luganda. Uganda ndi katchulidwe ka Chiswahili ka Buganda yemweyo, ndipo atsamunda anakatenga n'kukapereka ku dziko lonse, mmene mulinso Acholi, Lango, Banyankole ndi mitundu ina yambiri. Munthu wa mtundu wa Acholi mukamuti Mganda mwamuika mu mtundu umene si wake. Eni Luganda anaona vutoli ndipo nzika za dziko lonse amazitcha Bannayuganda, mmodzi Munnayuganda.

Za Angola ndi America, chifukwa chake ndi kamvekedwe. Mphatikiri wathu wa anthu ambiri ndi a- yekhayekha, ndiye akakumana ndi dzina loyamba ndi A amamira. Mukati “Angola abwera”, womva sadziwa ngati mwatchula dziko kapena anthu. Chiswahili sichivutika chifukwa chili ndi wa-: Mwafrika, Waafrika, Mwangola, Waangola. Chitumbuka nachonso chili ndi ŵa-. Choncho “anthu a ku Angola” si kuthawa ayi, ndicho Chichewa chake. Algeria, Australia, Argentina, Asia ndi Africa onse amatsata njira yomweyo. Onaninso kusiyana kwa ku ndi mu: wolemba ali mu Africa amati “anthu a mu Africa”, akati “a ku Africa” zimamveka ngati iye ali kunja.

Mayina amene anakhazikika ndi m- ndi a- ndi a anthu amene olankhula Chichewa anakumana nawo kalekale pa malonda, pa utsamunda, kapena m'Baibulo: Apwitikizi, Angerezi, Ajeremani, Afalansa, Amwenye, Ayuda, Aroma. Mayiko amene anabadwa m'ma 1960 sanapeze mwayi umenewo. Mzambia ndi Mtanzania amamveka ndithu, koma owerenga ambiri sanawazolowere, ndipo ine sindingawaike m'chikalata cha boma.

Chomaliza ndi ma- uja wa Matchaina. Pa malamulo a chiyankhulo palibe chosintha, chifukwa gulu la Mu-A ndi la Li-Ma agwirizanitsi awo pochulukitsa ndi amodzimodzi: Atchaina awa abwera, Matchaina awa abwera. Chimasintha ndi ulemu. Ma- amaunjika anthu pamodzi ngati katundu ndipo amawaika patali. Mu Setswana ndi Sesotho zilinso choncho, eni ake ali mu mo- ndi ba-, alendo ambiri ali mu le- ndi ma-. Koma mu Chizulu ama- ndi wabwinobwino, eni ake amadzitcha amaZulu. Polemba nkhani m'Chichewa, a- ndiye waulemu.

Nabanda

A Mbewe mwafotokoza bwino. Ine ndilowe pa makontinenti.

Dzina la America linayamba kuoneka pa mapu a Martin Waldseemüller a 1507, polemekeza Amerigo Vespucci, woyenda panyanja wa ku Italy, ndipo linalembedwa pa chigawo chimene lero timati South America. United States inadzabadwa mu 1776, patatha zaka zoposa 260. Dzina lake lonse ndi United States of America, ndipo popeza Chingerezi chilibe njira yophweka yopangira dzina la munthu kuchokera pa United States, chinangotola mawu omalizirawo.

Chisipanishi chinapeza njira ina. Kuchokera pa Estados Unidos chinapanga estadounidense, ndipo americano ndi munthu aliyense kuyambira ku Canada mpaka ku Chile. M'mayiko ambiri a Latin America ana amaphunzira kuti America ndi kontinenti imodzi osati ziwiri, n'chifukwa chake munthu wa ku Colombia amaona kuti walandidwa dzina akamva kuti American ndi wa ku United States yekha. Ena amati norteamericano, koma limenelonso limapsinja Canada ndi Mexico, amene ali ku North America komweko. Ngakhale estadounidense ali ndi pomutsutsira, chifukwa dzina la boma la Mexico ndi Estados Unidos Mexicanos. Ku Brazil mumamva onse atatu, americano, norte-americano ndi estadunidense. Chitaliyana chili ndi statunitense, Chijeremani chimalemba US-Amerikaner pofuna kumveka bwino. Chitchaina ndicho chinadula pabwino: guo ndi dziko, zhou ndi kontinenti, ren ndi munthu, ndiye Meiguoren ndi wa ku United States pomwe Meizhouren ndi wa kontinenti yonse.

Kwa womasulira, funso loyamba likhale lakuti nkhaniyi inalembedwa m'chiyankhulo chanji poyamba. Ngati ndi Chingerezi, American pafupifupi nthawi zonse ndi “wa ku United States”, ndipo mulembe choncho pamene mukumutchula koyamba; pambuyo pake “wa ku America” sangasokoneze. Ngati inachokera ku Chisipanishi, kapena ikunena za mabungwe a chigawo chonse, samalani. Organization of American States, imene inakhazikitsidwa mu 1948, ndi bungwe la mayiko a kontinenti yonse. Copa América ndi mpikisano wa mpira umene eni ake ndi mayiko a ku South America.

Asian ndiye woopsa kwambiri, chifukwa Chingerezi chomwecho chimasintha tanthauzo malinga ndi dziko. Ku Britain, akati Asian kawirikawiri akunena anthu ochokera ku India, Pakistan ndi Bangladesh. Ku United States akunena a ku China, Japan, Korea, Vietnam ndi Philippines. Kum'mawa ndi kumwera kwa Africa mawuwa anazolowereka pa anthu ochokera ku India ndi Pakistan. Pamene Idi Amin anathamangitsa Asians ku Uganda mu 1972 n'kuwapatsa masiku 90, ankanena amenewa, ndipo pamenepo Amwenye ndi kumasulira kolondola. Koma nkhani ikakhala ya kontinenti, mwachitsanzo masewera kapena chuma cha Asia, Mmwenye ndi Mtchaina onse alakwa, popeza Iran, Saudi Arabia ndi Indonesia alinso momwemo, ndipo anthu a ku Asia amaposa theka la anthu onse a pa dziko lapansi. Lembani “anthu a ku Asia”.

Indian nayenso asakupusitseni. Columbus atafika ku zilumba za Caribbean mu 1492 anaganiza kuti wafika kufupi ndi India, n'kutcha anthu a kumeneko indios. Chipwitikizi chinadzasiyanitsa índio, mwini nthaka wa ku America, ndi indiano, wa ku India. Chijeremani chili ndi Indianer ndi Inder. Chingerezi chinatsala ndi liwu limodzi. Ndiye m'nkhani ya mbiri ya America, Indian si Mmwenye, ndipo West Indian ndi munthu wa ku Jamaica, Barbados kapena Trinidad.

African musamumasulire kuti “wakuda”. Anthu a ku Egypt, Morocco ndi Tunisia ndi a mu Africa, ndipotu dzinali linayambira kwawoko: Africa chinali chigawo cha Aroma chimene anakhazikitsa atagwetsa mzinda wa Carthage mu 146 BC, kumene lero kuli Tunisia. Mu Chiafrikaans muli mawu awiri ofanana, Afrikaner, mzungu wolankhula chiyankhulocho, ndi Afrikaan, munthu wa mu Africa. European nayenso si Mzungu nthawi zonse. M'zikalata za nthawi ya atsamunda European ankatanthauza khungu, ngakhale munthuyo atabadwira mu Africa, ndiye pamenepo Mzungu akukwana. M'nkhani za lero ndi “wa ku Ulaya”, ndipo atha kukhala wakuda.

Nachisale

Zikomo kwambiri nonse awiri, za Indian zija sindinaziganizireko. Ndiwonjezere kafunso. Chifukwa chiyani anthu a dziko limodzi amakhala ndi mayina osafanana m'pang'ono pomwe? Ife timati Ajeremani, Apwitikizi amati alemães, eni ake amati Deutsche. Nanga Angerezi, kodi tingatchule choncho aliyense wa ku Britain?

Mwale

A Nachisale, Germany inakhala dziko limodzi mochedwa, mu 1871. Kwa zaka mazanamazana m'mbuyo mwake, oyandikana nawo anali atawapatsa kale mayina, aliyense potengera fuko limene ankakumana nalo kumalire ake. Afalansa, Asipanishi ndi Apwitikizi anatengera fuko la Alemanni, n'chifukwa chake allemand, alemán, alemão. Anthu a ku Finland anatengera fuko la Saxon, ndiye dzikolo amaliti Saksa. Chingerezi chinatenga Germani wa Chilatini, ife n'kutengera ku Chingerezi. A ku Poland amati Niemiec, a ku Russia nemets, kuchokera ku tsinde lotanthauza wosalankhula, ndiye kuti munthu amene mawu ake samveka. Deutsch wa eni akeyo anachokera ku liwu lakale lotanthauza “cha anthu”, kusiyanitsa chiyankhulo cha anthu wamba ndi Chilatini. Chitaliyana chimagwira mbali ziwiri: dziko ndi Germania koma munthu ndi tedesco, wochokera ku tsinde limodzi ndi deutsch.

Tsinde lomweli ndilo linabala Dutch wa Chingerezi, amene akunena anthu a ku Netherlands. Apa pali msampha kwa omasulira zolemba zakale za Chiswahili: Wadachi a m'nthawi ya German East Africa ndi Ajeremani, osati Adatchi. Chiswahili chomwecho chimatcha Apwitikizi kuti Wareno, kuchokera ku reino, liwu la Chipwitikizi lotanthauza ufumu.

Agiriki amadzitcha Ellines, ndipo ndiwo Ahelene amene mumawapeza m'Baibulo lakale la Chichewa pomwe omasulira atsopano amalemba Agiriki. Aluya komanso anthu a ku Türkiye amatcha Agiriki ndi tsinde la Yunan, potengera chigawo cha Ionia. Anthu a ku Hungary amadziti Magyar. Welsh anachokera ku liwu la Chingerezi chakale lotanthauza mlendo, pomwe eni ake amadziti Cymry. Dzina la fuko lakale la ku Ulaya la Frank linayenda ulendo wautali koposa: linakhala farangi mu Chiperisiya, ferenj mu Chiamhariki, farang mu Chithai, ndipo konseko limanena mzungu aliyense.

Za Angerezi, yankho ndi ayi. United Kingdom ili ndi zigawo zinayi, England, Scotland, Wales ndi Northern Ireland, ndipo Mngerezi weniweni ndi wa ku England. David Livingstone anabadwira ku Blantyre wa ku Scotland mu 1813, choncho kumulemba kuti Mngerezi n'kulakwa. British mumasulire kuti “wa ku Britain”, English kuti Mngerezi, Scottish kuti “wa ku Scotland”. Holland ndi chimodzimodzi: ndi dzina la zigawo ziwiri zokha mwa zigawo 12 za Netherlands.

Mbewe

Ndabweranso kudzayankha za njira imene a Nachisale anapempha, popeza sitinaiyale bwino.

Dzina lililonse la anthu limatha kunyamula zinthu zitatu: kumene munthu amachokera, unzika wake pa lamulo, ndi mtundu wake. Musanalembe, pezani kaye kuti chiganizocho chikufuna chiti. Chirasha chimasiyanitsa poyera: russkiy ndi wa mtundu wa Chirasha, rossiyanin ndi nzika ya Russia, kaya ndi Mtatar kaya Mchechen. Chitchaina chili ndi Zhongguoren, nzika ya China, ndi Huaren, wa mtundu wa Chitchaina ngakhale atakhala nzika ya Singapore. Chingerezi chimatero mwa apo ndi apo: Malay ndi Malaysian, Kazakh ndi Kazakhstani, Bengali ndi Bangladeshi. Pa Somali chimasakaniza, chonsecho Asomali ambiri ndi nzika za Ethiopia, Kenya ndi Djibouti.

Chichewa chili ndi zida zokwanira zonse zitatu. “Wa ku” amangonena kochokera kapena kokhala, salonjeza za chiphaso. “Nzika ya” ndi wa lamulo, ndipo ndiye woyenera m'nkhani za khoti, zisankho ndi za olowa ndi kutuluka m'dziko. “Mbadwa ya” amanena kobadwira, ndipo samafanana ndi nzika nthawi zonse: mwana wobadwira ku Japan kwa makolo awiri achilendo sakhala nzika ya Japan chifukwa chongobadwirako. “Wa mtundu wa” kapena m- ndi a- amanena fuko. Apa ndikonze pang'ono zimene ndinanena poyamba. Ku Botswana liwu lakuti Motswana limanena nzika iliyonse, kuphatikizapo Akalanga ndi Aherero, koma Mtswana pa Chichewa amamveka ngati mtundu. Ngati nkhani ndi ya unzika, lembani “nzika ya Botswana”.

Mukatero, fufuzani ngati pali dziko lina la dzina lofanana. Nigerian ndi Nigerien amasiyana lembo limodzi, wina likulu lake ndi Abuja, wina Niamey, ndipo makompyuta owongolera malembo amakonda kusandutsa wachiwiriyo kukhala woyambayo. Congolese ndi wa mayiko awiri, ndiye onjezani Kinshasa kapena Brazzaville. M'zolemba za pakati pa 1971 ndi 1997 wa ku Kinshasa mumupeza ngati wa ku Zaire. Guinea, Guinea-Bissau ndi Equatorial Guinea ndi mayiko atatu. Dominican atha kukhala wa ku Dominica kapena wa ku Dominican Republic. South African ndi “wa ku South Africa”, koma Southern African, monga mu dzina la SADC, ndi “wa chigawo cha kumwera kwa Africa”. Womasulira akalemba “wa kumwera kwa Africa” pa onse awiri, dziko limodzi lasanduka chigawo chonse.

Kenaka onani ngati eni ake ali ndi dzina limene anasankha okha. Pulezidenti Thomas Sankara atasintha Upper Volta kukhala Burkina Faso mu 1984, analumikiza ziyankhulo zitatu za m'dzikomo: burkina wa Chimoore, faso wa Chidioula, ndi -bè wa Chifulfulde pa dzina la anthu, Burkinabè. Liwuli silisintha, kaya mwamuna kaya mkazi, mmodzi kapena ambiri. A ku Madagascar amadziti Malagasy. Mayina otere mukawagwira mawu asiyeni mmene alili.

Chotsiriza ndi kalembedwe. Mmalawi ndi munthu, m'Malawi ndi “mu Malawi”. Nkhodolero imodzi yasintha munthu kukhala malo. Malembo aakulu musatengere chiyankhulo chimene mukumasulira, chifukwa chilichonse chili ndi lamulo lake. Chifalansa chimalemba un Français pa munthu koma le français pa chiyankhulo. Chisipanishi chimalemba onse ndi lembo laling'ono. Chipwitikizi chimasiyanitsa mwamuna ndi mkazi, moçambicano ndi moçambicana, ndiye ngati nkhani ikudalira kusiyanako, pa Chichewa muyenera kuwonjezera “bambo” kapena “mayi”, apo ayi mfundoyo itayika.

Nabanda

A Mbewe, ndikugwirizana nanu pa zonse kupatula pamodzi. Mwati Mzambia ndi Mtanzania simungawaike m'chikalata chifukwa sanazolowereke. Ine ndikuona kuti amenewa ndi oyenera kuwalimbikitsa. Mmalawi nayenso anali liwu latsopano pa tanthauzo la nzika pamene Nyasaland inasanduka Malawi mu 1964, ndipo anakhazikika chifukwa wailesi ndi nyuzipepala zinamugwiritsa ntchito tsiku ndi tsiku. Tanzania inabadwa chaka chomwecho polumikiza Tanganyika ndi Zanzibar, ndipo Mtanzania, Watanzania analowa mu Chiswahili popanda vuto. Pamene dzina la dziko likuyamba ndi lembo lopanda liwu ndipo lilibe mphatikiri wa Chibantu, monga Zambia, Kenya, Ghana ndi Tanzania, m- ndi a- amagwira bwino, ndipo amafupikitsa mitu ya nkhani. Pa zikalata za khoti pokha ndi pamene ndingasunge “nzika ya”.

Pa Korea pokha palibe chidule. Akumwera amadzitcha ndi dzina la Hanguk, akumpoto ndi la Joseon, ndiye pomasulira Korean muyenera kupeza kaye mbali yake n'kulemba “wa ku South Korea” kapena “wa ku North Korea”. Mkoreya musungire nkhani za mtundu wonse, chiyankhulo chawo, kapena za nthawi imene dzikolo lisanagawidwe mu 1945.